Mmene Mungatsatire Chiyambi cha Mawu Atsopano a Chingerezi

Munthu amene amamva kapena kuwerenga Chingerezi cha masiku ano, kaya pa wailesi, m'manyuzipepala kapena pa intaneti, sachedwa kukumana ndi liwu limene mulibe m'buku lililonse la kusukulu. Lero amva “rizz”, mawa aona “delulu”, mkuja wina alemba “brain rot”, ndipo eniake akuoneka kuti akumvana bwinobwino. Ambiri amangofunsa tanthauzo n'kupitirira, koma amene akufuna kuchidziwa chinenerochi mozama ayenera kuzolowera kufunsa zambiri: liwuli analiyamba ndani, analiumba ndi chiyani, linadzera kuti mpaka kufika m'makutu mwathu, nanga likhalitsa kapena lizilala chaka chisanathe? Kufufuza zimenezi sikufuna digiri, koma kumafuna kudziwa koyang'ana. Mfundo yoti muigwiritsitse kuyambira pachiyambi ndi yakuti liwu latsopano silibadwira m'dikishonale, ndipo kawirikawiri silibadwira pamene inuyo mwalimvera koyamba. Limabadwira m'kagulu ka anthu amene anali ndi chinthu chofuna kuchitchula, ndipo amaliumba ndi zidutswa za mawu omwe analipo kale.

Mukakumana ndi liwu lachilendo, yambani ndi kulilemba pamodzi ndi chiganizo chonse chimene mwalipezamo, tsiku, malo ndiponso mtundu wa munthu amene walinena. Liwu lochotsedwa m'chiganizo chake limasiya tanthauzo lambiri m'mbuyo. Ngati mwaona mnyamata akulemba m'munsi mwa kanema wa pa TikTok kuti mnzake ndi “sus”, lembaninso kuti wolembayo ndi wachinyamata, kuti anaikapo kachithunzi ka nkhope yoseka, ndiponso kuti mnzakeyo sanapse mtima koma anabwezera nthabwala, chifukwa zimenezi ndi zomwe zikuuzeni kuti liwulo, ngakhale likutanthauza munthu wokayikitsa, silolemera ngati kumuneneza munthu mlandu. Akatswiri akhala akugwira ntchito motere kuyambira kale. James Murray atayamba kutsogolera ntchito yolemba Oxford English Dictionary mu 1879, anapempha owerenga mabuku m'maiko olankhula Chingerezi kuti azimutumizira timapepala tolembapo liwu, chiganizo, dzina la buku, tsamba ndi chaka chake. Timapepalato tinachuluka mpaka mamiliyoni, ndipo dikishonale yonseyo inadzamalizidwa mu 1928, mwiniwake atamwalira kale. Masiku ano makompyuta ndiwo amasonkhanitsa ziganizo, koma umboni wa liwu ukadali womwewo, ziganizo zenizeni zochokera kwa anthu osiyanasiyana. Mukakhala nazo zingapo, tanthauzo limayamba kuonekera lokha popanda wina kukumasulirani.

Kenako liyang'anitsitseni liwulo mmene laumbidwira. Mawu ongopeka opanda pochokera, monga dzina la Kodak limene George Eastman anapeka cha m'ma 1888, ndi ochepa kwambiri. Ochuluka ndi mawu akale amene adulidwa, alumikizidwa kapena apatsidwa ntchito ina. Njira imene Chingerezi chimaikonda kwambiri ndi yotenga mutu wa liwu lina n'kuulumikiza ku mchira wa linzake. Liwu lakuti “smog”, lonena za utsi wosakanikirana ndi nkhungu umene unkaphimba London, linatchuka mu 1905 kuchokera ku “smoke” ndi “fog”. Mu February 2004 mtolankhani Ben Hammersley, polemba m'nyuzipepala ya The Guardian, anasakaniza dzina la kachipangizo ka iPod ndi liwu lakuti “broadcast” n'kutulutsa “podcast”. Mu 2012 akatswiri a zachuma anayamba kunena “Grexit” pokamba za kuthekera kwakuti Greece isiye ndalama ya euro, ndipo m'chaka chomwecho Peter Wilding anatengera pomwepo n'kulemba “Brexit”, kutatsala zaka zinayi kuti a Britain aponye voti ya pa 23 June 2016 yosankha kutuluka m'bungwe la European Union. Choncho mukaona liwu looneka ngati lili ndi msoko pakati, yesani kulidula pawiri ndi kufunsa kuti chidutswa chilichonse chachokera kuti.

Pamenepa mpofunika kukhalitsapo pang'ono, chifukwa nthawi zina chidutswa cha liwu chimaduka n'kuyamba kudziyendera chokha, ndipo chikatero chimabereka mawu ambirimbiri. Watergate linali dzina chabe la nyumba za ku Washington kumene anthu anathyola maofesi a chipani cha Democratic mu 1972, nkhani imene inadzachititsa pulezidenti wa America, Richard Nixon, kutula pansi udindo mu 1974. Kuchokera pamenepo atolankhani anadula “gate” n'kumaliphatikiza ku nkhani iliyonse yochititsa manyazi akuluakulu, ngakhale kuti m'Chingerezi wamba liwulo limangotanthauza chipata. N'chifukwa chake maphwando amene ankachitikira ku Downing Street, kumaofesi a nduna yaikulu ya Britain, mu ulamuliro wa Boris Johnson, pa nthawi imene anthu ena onse analetsedwa kusonkhana chifukwa cha mliri wa COVID-19, anatchedwa “Partygate”. Zomwezo zachitikira “holic” wochokera ku “alcoholic”, amene anatipatsa “workaholic”, ndi “core” wochokera ku “hardcore”, amene achinyamata amamuphatikiza ku mtundu uliwonse wa mavalidwe, monga “cottagecore”, ndi “flation” wochokera ku “inflation”, amene ali mu “shrinkflation”, liwu lonena za katundu amene wachepetsedwa m'paketi mtengo uli womwewo. Mukadziwa zidutswa zoterezi, mudzatha kumva mawu ambiri atsopano tsiku lomwelo limene atulukira, ndipo ndimaona kuti palibe luso lina pa nkhaniyi lopindulitsa kuposa limeneli.

Njira zina n'zosavuta kuzizindikira. Pali kudula liwu lalitali, monga “app” kuchokera ku “application” ndi “vax” kuchokera ku “vaccine”. Pali kutenga zilembo zoyambirira, monga “LOL” ndi “FOMO”. Palinso kusandutsa dzina kukhala mneni popanda kusintha chilembo chilichonse, zomwe Chingerezi chimachita mosavutikira chifukwa aneni ake alibe maonekedwe apadera. Umu ndi mmene dzina la kampani ya Google linasandukira mneni wotanthauza kufufuza pa intaneti, n'kulowa m'madikishonale a Oxford ndi Merriam-Webster mu 2006, ndiponso mmene “ghost”, dzina la mzukwa, linayambira kutanthauza kusiya mwadzidzidzi kuyankha mauthenga a munthu amene umacheza naye.

Chovuta kwambiri kuchigwira ndi liwu limene maonekedwe ake sanasinthe koma tanthauzo lasamuka, chifukwa maso amalidutsa poganiza kuti akulidziwa. “Spam” linali dzina la nyama ya m'chitini imene kampani ya Hormel inayamba kugulitsa mu 1937. Mu 1970 gulu la asewero la Monty Python linachita sewero la pa kanema mmene liwulo linkabwerezedwa mpaka kuphimba zokamba za ena, ndipo ogwiritsa ntchito makompyuta anadzatengera pamenepo potchula mauthenga osafunika odzaza m'bokosi la makalata. “Slop”, liwu lakale la matope ndi zakudya zotsala zopatsa nkhumba, tsopano likutanthauza zolemba ndi zithunzi zosalongosoka zopangidwa mochuluka ndi makompyuta, ndipo Merriam-Webster analisankha kukhala liwu la chaka cha 2025. Achinyamata amakondanso kutembenuza liwu loipa kuti litanthauze chabwino, monga “sick” ndi “wicked” akamayamikira chinthu. Chizindikiro chake ndi ichi: chiganizo chonse mukuchimva, liwu lililonse mukulidziwa, koma mfundo yake sikugwirizana ndi nkhope ya wolankhulayo. Zikatero, kayikirani kuti liwu limodzi lasintha ntchito.

Musaiwale kufunsanso ngati liwulo ndi lobwereka. Ambiri amaganiza kuti “emoji” likuchokera ku “emotion”, koma ndi liwu la Chijapani lopangidwa ndi “e”, chithunzi, ndi “moji”, chilembo, ndipo kufananako kunangochitika mwangozi. Mu January 2020 Oxford English Dictionary inalandira mawu 29 a Chingerezi cha ku Nigeria, kuphatikizapo “okada”, njinga yamoto yonyamula anthu, ndipo mu 2021 inalandira mawu 26 ochokera ku Korea, monga “hallyu” ndi “mukbang”, amene anabwera ndi nyimbo ndi makanema a dzikolo. Chingerezi cha lero chili ndi malikulu ambiri, osati London ndi New York okha.

Mukadziwa kaumbidwe kake, fufuzani zaka za liwulo, ndipo apa musakhulupirire makutu anu. Katswiri wa zinenero Arnold Zwicky anafotokoza mu 2005 za chizolowezi chimene tonse tili nacho choganiza kuti chinthu ndi chatsopano chifukwa choti ife tangochizindikira kumene. “OMG” limaoneka ngati la m'nthawi ya mafoni a m'manja, koma likupezeka m'kalata imene Lord Fisher, mkulu wa asilikali apanyanja wopuma pantchito, analembera Winston Churchill mu 1917. “Brain rot”, limene Oxford analisankha kukhala liwu la chaka cha 2024 ponena za kufooka kwa maganizo chifukwa choonerera zachabechabe pa intaneti, linalembedwa kale ndi Henry David Thoreau mu 1854 m'buku lake la Walden. Ngakhale “sus” wa mnyamata wa pa TikTok uja, amene anafala mu 2020 kudzera m'masewera a Among Us, ndi wakale ku Britain: lamulo lololeza apolisi kugwira munthu pongomukayikira linkatchedwa “sus law”, ndipo linathetsedwa mu 1981 anthu atadandaula kuti likugwiritsidwa ntchito pozunza achinyamata akuda.

Zida zofufuzira zaka zilipo, ndipo zambiri ndi zaulere. Google Books Ngram Viewer, imene inatsegulidwa mu December 2010, imajambula mzere woonetsa kuchuluka kwa liwu m'mabuku chaka ndi chaka. Lembani liwulo, onani pamene mzere wayambira kukwera, kenako tsegulani mabuku a zaka zimenezo kuti mutsimikize kuti tanthauzo ndi lomwe mukulifuna, chifukwa makinawo sasiyanitsa “tweet” wa mbalame ndi “tweet” wa pa intaneti, ndipo nthawi zina chaka cha buku chimakhala cholakwika. Green's Dictionary of Slang, ntchito ya Jonathon Green imene inasindikizidwa m'mavoliyumu atatu mu 2010 ndipo tsopano ili pa intaneti, imandandalika ziganizo zakale za mawu a mumsewu pamodzi ndi zaka zake. Urban Dictionary, imene Aaron Peckham anayambitsa mu 1999, imalembedwa ndi aliyense wofuna, choncho matanthauzo ake ena ndi nthabwala kapena chipongwe chabe, koma tsiku limene tanthauzo linaikidwa ndi umboni wabwino woti pofika nthawi imeneyo liwulo linali kale m'kamwa mwa anthu. Pa masamba a mchezo olola kufufuza ndi masiku, bwererani m'mbuyo chaka ndi chaka mpaka liwulo litasowa. Komabe kumbukirani kuti mawu ambiri a mumsewu amakhala m'kamwa zaka zambiri asanalembedwe, kotero chimene mwapeza ndi chiganizo chakale kwambiri cholembedwa, osati tsiku lobadwa la liwulo. “Selfie” likupezeka koyamba mu September 2002 m'zolemba za mnyamata wa ku Australia amene anajambula mlomo wake wong'ambika atagwa ataledzera, koma iye sanalembe ngati akupeka liwu. Analigwiritsa ntchito ngati chinthu chodziwika, mogwirizana ndi chizolowezi cha kwawoko chofupikitsa mawu n'kuwamaliza ndi “ie”.

Funso lolemera kuposa onse ndi lakuti liwulo ndi la ndani. Mawu atsopano amatuluka kwambiri m'magulu amene anthu ake amacheza pafupipafupi, ali ndi zawozawo zokamba, ndipo akufuna kudziwana okhaokha: achinyamata, asilikali, akaidi, oimba, osewera masewera a pa kompyuta ndi otsatira oimba otchuka. Osewera ndi amene anatipatsa “noob”, munthu wongoyamba kumene, ndi “pwn”, limene ambiri amati linayamba ndi chala choterereka pa kiyibodi polemba “own”, popeza “p” ndi “o” n'zoyandikana. “Delulu”, lodulidwa kuchokera ku “delusional” n'kubwereza phatikizo limodzi, linayambira kwa otsatira nyimbo za K-pop ponena za mnzawo amene akudzinamiza kuti adzakwatirana ndi woimba. Ku London, ana a anthu ochokera ku Jamaica, West Africa ndi South Asia, pokulira m'makomboni amodzi ndi ana a Angerezi, apanga kalankhulidwe kamene akatswiri monga Jenny Cheshire ndi Paul Kerswill anakatcha Multicultural London English, kumene kunachokera mawu ngati “peng” ndi “mandem”.

Koma gwero lalikulu la mawu amene masiku ano amatchedwa a pa intaneti kapena a achinyamata ndi Chingerezi cha anthu akuda a ku America, ndipo ine ndimaona kuti wofufuza amene sanena zimenezi sanamalize ntchito yake. Mbiri ya “woke” ikuonetsa bwino chifukwa chake. Mu 1938 woimba Lead Belly, pokamba za anyamata akuda asanu ndi anayi amene anawanamizira mlandu wogwiririra ku Alabama mu 1931, anachenjeza anthu a mtundu wake kuti akamadutsa m'dera limenelo azikhala maso, ndipo mawu amene ananena anali akuti “stay woke”. Mu 1962 mlembi William Melvin Kelley analiika liwulo pamutu wa nkhani yake mu New York Times, nkhani imene inkakamba ndendende za azungu otengera kalankhulidwe ka anthu akuda. Linafala dziko lonse pambuyo pa zionetsero za ku Ferguson mu 2014, wapolisi atawombera Michael Brown, ndipo Oxford English Dictionary inalemba tanthauzo lake lokhala maso pa tsankho ndi kuponderezana mu 2017. Pasanapite zaka zambiri andale ena analisandutsa liwu lonyozera anzawo, mpaka boma la Florida linakhazikitsa lamulo lotchedwa Stop WOKE Act mu 2022. Amene angalimve lero lokha angaganize kuti ndi chipongwe cha ndale, osadziwa kuti linayamba ngati chenjezo la moyo ndi imfa. Chimodzimodzi “shade”, “slay” ndi “tea” m'matanthauzo awo atsopano anachokera m'mipikisano ya mavalidwe ndi magule ya ku New York m'zaka za m'ma 1980, yochitidwa ndi anthu akuda ndi ochokera ku Latin America amene ankasalidwa chifukwa cha khungu lawo komanso chifukwa chokonda anthu ofanana nawo ziwalo, ndipo anafika kwa anthu ambiri kudzera m'pulogalamu ya pa kanema ya RuPaul's Drag Race imene inayamba mu 2009. Mu June 2014 mtsikana wakuda wa kufupi ndi Chicago anajambula kanema wa masekondi ochepa pa tsamba la mchezo la Vine akunena kuti nsidze zake zili “on fleek”, kutanthauza kuti zakonzedwa bwino kwambiri. Miyezi ingapo itadutsa, makampani akuluakulu ankatsatsira malonda mawuwo, iye osapatsidwa kanthu. Mukamalemba mbiri ya liwu, tchulani eniake.

Mukadziwa gulu, chifukwa chimene liwulo linabadwira sichivuta kuchiona. Nthawi zina pamakhala chinthu chatsopano chosowa dzina, monga mu August 2007 pamene Chris Messina anapereka maganizo oti chizindikiro cha # chizigwiritsidwa ntchito posonkhanitsa nkhani pa Twitter, ndipo posakhalitsa chinatchedwa “hashtag”. Nthawi zina ndi tsoka logwera onse pakamodzi: bungwe la World Health Organization linalengeza dzina la COVID-19 pa 11 February 2020, ndipo pofika April akonzi a Oxford English Dictionary anali atatulutsa kale mndandanda wapadera wa mawu a mliriwo, osadikira nthawi yawo yanthawi zonse ya miyezi itatu. Nthawi zinanso ndi kuzemba oletsa. Pa TikTok ndi masamba ena, anthu pokhulupirira kuti makina amabisa makanema otchula imfa kapena kudzipha, anayamba kunena “unalive”, ndipo liwu lozembera makinalo lafika mpaka m'kamwa mwa ana asukulu. Koma chifukwa chofala kwambiri ndi chongofuna kulankhula mosiyana ndi akuluakulu, ndipo n'chifukwa chake liwu lotere limafa msanga makolo ndi aphunzitsi akangoyamba kulinena.

Tsatiraninso njira imene liwulo linayenda, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. “Rizz”, lotanthauza luso lokopa munthu amene wamukonda, ndi chitsanzo chooneka bwino chifukwa linayenda poyera. Linali liwu la Kai Cenat, mnyamata wa ku New York woulutsa makanema pa tsamba la intaneti la Twitch, ndi anzake, ndipo omutsatira analitengera ku TikTok, kumene linabereka ena monga “rizz up” ndi “unspoken rizz”. Mu June 2023 wosewera m'mafilimu Tom Holland atafunsidwa za liwulo anayankha kuti iye alibe “rizz” ngakhale pang'ono, ndipo yankholo linalifikitsa kwa anthu amene sanamvepo za Twitch. Mu September chaka chomwecho Merriam-Webster analilowetsa m'dikishonale, ndipo mu December Oxford analilengeza kukhala liwu la chaka, n'kunena kuti likuoneka kuti ladulidwa pakati pa “charisma”, monga “fridge” linadulidwira pakati pa “refrigerator”. Njira imeneyi, kuchokera ku kagulu, kupita kwa wotchuka wa m'gululo, kenako kwa wotchuka wa kunja kwa gululo, kwa atolankhani ndi kwa otsatsa malonda, ndi yakale. Chimene intaneti yasintha ndi liwiro lokha, chifukwa ulendo umene kale unkatenga m'badwo wathunthu tsopano umatha m'zaka ziwiri.

Pofufuza chonchi mudzakumana ndi nkhani zokoma zonena za chiyambi cha mawu, ndipo nkhani ikakoma kwambiri muziikayikira. Yofala ndi yakuti “posh” ndi chidule cha “port out, starboard home”, mawu amene amati ankadindidwa pa matikiti a anthu olemera opita ku India pa sitima zapamadzi, koma palibe tikiti yotero imene inapezekapo. Enanso amati “tip” ndi chidule cha “to insure promptness”, pamene liwulo ndi lakale kuposa chizolowezi chopanga mawu ndi zilembo zoyambirira, chimene chinadzafala m'zaka za m'ma 1900 ndi mawu ngati “radar” ndi “laser”. Lamulo lothandiza ndi lakuti aliyense wonena chiyambi cha liwu aonetse chiganizo cholembedwa cha nthawi imeneyo. Umu ndi mmene Allen Walker Read wa ku Columbia University anathetsera mkangano wa “OK” m'zaka za m'ma 1960: anafufuza m'manyuzipepala akale n'kulipeza mu Boston Morning Post ya pa 23 March 1839, lili chidule cha nthabwala cha “oll korrect”, kalembedwe kolakwitsa dala ka “all correct”.

Kuti muweruze ngati liwu likhalitsa, mungagwiritse ntchito mfundo zimene Allan Metcalf, amene anali mlembi wamkulu wa American Dialect Society kwa zaka zambiri, anafotokoza mu 2002. Iye anati tiziona kuchuluka kwa olinena, kusiyanasiyana kwawo, ngati liwulo likubereka ena, ngati chinthu chimene likutchula chidzakhalapobe, ndiponso ngati liwulo ndi losadzionetsera. Mfundo yomalizayi ndi imene ambiri saiyembekezera: liwu lanzeru kwambiri, loseketsa aliyense polimva koyamba, ndilo limatopetsa msanga. Bungwe lomwelo linasankha “bushlips” kukhala liwu la chaka cha 1990, ponyoza lonjezo limene pulezidenti wa America, George H. W. Bush, anaphwanya loti sadzakweza misonkho, ndipo mu 2006 linasankha “plutoed”, kutsitsidwa paudindo monga Pluto inachotsedwera pagulu la mapulaneti. Onse awiriwa palibe akuwanena lero. “Covidiot” linazilala pamodzi ndi malamulo a mliri, pamene “doomscrolling”, kumangotsetsereza chala pa foni kuwerenga nkhani zoipa osalekeza, lakhalabe chifukwa khalidwelo likadalipo. “OK” weniweniyo anali ndi anzake a nthabwala yomweyo ku Boston, monga “OW” woimira “oll wright”, amene anafa onse. Iye anapulumuka chifukwa mu 1840 otsatira a pulezidenti wa America, Martin Van Buren, amene ankatchedwa Old Kinderhook (mwachidule O.K.), anamugwiritsa ntchito pa kampeni, kenako n'kupeza ntchito yosatha yovomerezera zinthu mwachidule.

Kulowa kwa liwu m'dikishonale musakutenge ngati chilolezo choligwiritsa ntchito paliponse. Akonzi a Merriam-Webster amafuna umboni woti liwu lafalikira, lakhala likunenedwa kwa nthawi ndithu, ndipo lili ndi tanthauzo lomveka. Ntchito yawo ndi kulemba zimene anthu akunena, osati kuweruza ngati n'zabwino. Cambridge Dictionary italowetsa “skibidi” ndi “delulu” mu August 2025, sikuti inati mawuwa ndi oyenera m'kalata yofunsira ntchito. Werengani kalemba kakang'ono kamene kamaikidwa pambali pa liwu, kakuti “slang”, “informal” kapena “offensive”, ndipo musanalinene nokha, bwererani ku ziganizo zimene munasonkhanitsa n'kuona ngati olinenawo ali a msinkhu ndi malo ofanana ndi anu, komanso ngati amalinena moona mtima kapena moseka, chifukwa mawu ambiri a achinyamata amanenedwa mwanthabwala ndipo munthu wakunja akawanena ndi nkhope yolimba amamveka wachilendo. Pansi pa zolemba zanu za liwu lililonse siyani malo, ndipo pakatha chaka mulifufuzenso: lembani ngati lafika m'manyuzipepala popanda zizindikiro zolitsekera, ngati mtolankhani wasiya kulimasulira akalilemba, ngati labereka mneni kapena dzina lina, ndiponso ngati eniake oyamba aja akulinenabe kapena alisiyira ena n'kupeza latsopano.